Wekishopu ya kunyanja, kosi ya pa intaneti, kapena kuphunzira pambali pa mnzako: ndalama ya training tiike pati?

Chaka chilichonse ikafika nthawi ya bajeti pamakhala mzere umodzi umene mabwana ambiri amangoudzaza mwachizolowezi, mzere wa maphunziro a ogwira ntchito. Ena amaika ndalama yomweyo ya chaka chatha nkuwonjezerapo pang'ono, ena zinthu zikathina amayambira kudula pomwepo. Koma funso loti ndalama imeneyo ikukagula chani kwenikweni silimafunsidwa kawirikawiri, ndipo ine ndi limene limandivutitsa, chifukwa ndaona anthu akhama, ofuna kudziwa zinthu, atakhala zaka pa desiki imodzi osaphunzitsidwa olo kanthu kamodzi pomwe ndalama ya training ikutuluka chaka ndi chaka. Nde ndati tiyale njira zimene zilipo kuno kwathu panopa, tione iliyonse pomwe ili ndi mphamvu ndi pomwe imagwera, kaya ndinu a HR, kaya muli ndi kabizinesi ka anthu khumi, kaya ndinu wantchito amene mukufuna kudzikweza ndi ndalama ya m'thumba mwanu.

Muyezo wanga ndi umodzi basi. Munthu amene anapita kukaphunzira akabwerera pantchito Lolemba, pali chimene akuchita mosiyana ndi kale? Muyezo umenewu si wachilendo ayi. Donald Kirkpatrick wa ku America analemba kale mu 1959 kuti maphunziro a pantchito aziyezedwa pa masitepe anayi, poyamba ngati anthu asangalala nawo, kenako ngati atolapo kanthu, kachitatu ngati kagwiridwe kawo ka ntchito kasintha, pomaliza ngati kampani kapena bungwe laonapo phindu. Ife ambiri timathera pa sitepe yoyamba ija, kafomu kaja kogawidwa tsiku lomaliza kofunsa ngati holo inali bwino komanso ngati nkhomaliro imafika nthawi yake. Masitepe atatu otsalawo ndi ochepa amene amawalondola.

Tiyambe ndi imene tonse timaidziwa, wekishopu ya kuhotela. Mangochi, Salima, Mponela, Liwonde, pena Mulanje kapena Nkhata Bay, masiku atatu kapena asanu, matebulo oyalidwa mozungulira, botolo la madzi ndi timaswiti pa mbale, kope ndi cholembera, pulojekita kutsogolo ndi wophunzitsa amene ali ndi masilaidi ochuluka kuposa nthawi imene wapatsidwa. Sindikufuna kuinyoza njira imeneyi chifukwa ili ndi zabwino zake zimene zinazi zilibe. Munthu amachoka pa ofesi, palibe womuitana kuti tabwerani musayine apa, mutu umakhala pa chinthu chimodzi. Ndipo amakumana ndi anzake ogwira ntchito yofanana ochokera maboma ena, wa ku Nsanje ndi wa ku Karonga amapezeka kuti akulimbana ndi vuto limodzi ndipo mmodzi analipezera kale njira. Nthawi zambiri phindu lenileni limabwera pa nthawi ya tiyi ndi pa gulu la WhatsApp limene limatsegulidwa pambuyo pake, osati pa masilaidi. Ngati nkhani ndi yofuna kuti anthu agwirizane, monga ndondomeko yatsopano, pulani ya zaka zikubwerazi, kapena madipatimenti awiri amene sakumvana, kukhala pansi malo amodzi maso ndi maso palibe choposa.

Koma tikaiika pa muyezo wa Lolemba uja imagwa kawirikawiri, ndipo zifukwa zake zilipo zingapo. Mukatenga bajeti ya wekishopu nkuiyang'ana mzere ndi mzere mupeza kuti ndalama yambiri ikupita ku malo ogona, mafuta a galimoto, chakudya, holo ndi ma alawansi, ya kuphunzitsa kwenikweniko imakhala kachigawo kochepa. Kenako pali nkhani ya kuiwala. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kale mu 1885 kuti munthu amaiwala mwachangu kwambiri nthawi yochepa atangophunzira chinthu ngati sakuchibwereza, nde taganizani masiku asanu a mitu yotsatizana kuyambira 8 koloko mpaka 5, kenako munthu abwerere ku ofesi kumene kompyuta yake ilibe pulogalamu imene amaphunzira ija, kapena bwana wake sanapite nawo ndipo akufuna zinthu zizichitika mmene zimachitikira kale. Pakatha mwezi chotsala ndi satifiketi ndi chikwama cholembedwa dzina la pulojekiti.

Nde pali nkhani ya alawansi, imene tiyenera kuikamba moona mtima komanso mosaweruza anthu. Malipiro a anthu ambiri ndi ochepa, mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi, munthu akapeza masiku anayi a kunja kwa ofesi ndiye kuti fizi ya mwana yapezeka kapena ngongole ya lendi yatsekeka. Amene amadalira zimenezi sindingawaloze chala. Vuto ndi loti alawansi imasintha amene akupita. Kalata yoitana ikafika, dzina limene limalembedwa si la munthu amene amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku koma la amene ali pafupi ndi wosankha, kapena la amene yafika nthawi yake yoti nayenso adyeko. Nde mumapeza wekishopu ya kasungidwe ka katundu mulibe wa ku sitolo olo mmodzi, muli akuluakulu okhaokha amene sanagwirepo khadi la sitoko. Amati akabwerako akaphunzitsa anzawo, koma kangati mwaona zimenezo zikuchitikadi? Mabungwe othandiza dziko lino anagwirizana zaka zapitazo zoti misonkhano yambiri izikhala ya full board, kulipira hotela mwachindunji m'malo mopatsa munthu ndalama m'manja, ndipo boma nalo lalengezapo kangapo zoletsa misonkhano ya kunyanja pofuna kuchepetsa ndalama zowonongeka. Zimenezi zikuonetsa kuti vutoli likudziwika mpaka kumtunda. Koma muzu wake uli pa malipiro, ndipo malipiro akakhala osakwanira maphunziro adzapitirira kuoneka ngati njira yopezera ndalama osati yopezera luso.

Pali mtengo wina umene sulembedwa mu bajeti. Namwino mmodzi akachoka pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kwa sabata yathunthu, otsala aja amasenza ntchito yake ndipo mzere wa odwala umatalika. Mphunzitsi akachoka kalasi imakhala yopanda munthu. Nde ngati mwasankha wekishopu, bola tumizani amene amagwiradi ntchitoyo, atumizeni awiri kuti akabwerera azikumbutsana, anyamule vuto lenileni la ku ofesi kwawo loti akaligwirire ntchito komweko, ndipo pakatha mwezi wina awayendere kukaona ngati zasintha. Popanda kuyendera kumeneku ine ndingati ndalama ija bola mukanagulira zipangizo.

Njira yachiwiri ndi ya pa intaneti, imene inakula kwambiri kuyambira 2020 pamene Covid-19 inatseka misonkhano ndipo tonse tinaphunzira mokakamizika kugwiritsa ntchito Zoom ndi Teams. Apa tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Pali maphunziro a pompopompo, wophunzitsa akuyankhula inu mukumvera nthawi yomweyo, ndiye pali makosi ojambulidwa kale amene mumaphunzira nthawi yanu, monga a Coursera, Alison, LinkedIn Learning, Cisco Networking Academy, ngakhalenso YouTube imene yaphunzitsa anthu ambiri Excel kuposa mmene timavomerezera.

Ya pompopompo ija ndi yotchipa kwa bungwe, palibe mafuta, palibe hotela, ndipo katswiri ali ku Nairobi kapena London atha kuphunzitsa anthu ali ku Mzuzu ndi Zomba nthawi imodzi. Koma tonse tikudziwa mmene zimakhalira, kamera yothimitsa, maiki yotseka, munthu dzina lake likuoneka pa sikirini koma mwini wake akuthandiza kasitomala kapena ali pa mzere wa mafuta. Netiweki ikadula pakati pa mfundo yofunika palibe wobwereza, magetsi akathima laputopu yakale imatha batire pasanathe ola. Ine ndimaona kuti imagwira ntchito ikakhala yaifupi, ola limodzi kapena limodzi ndi theka, anthu ochepa oti aliyense afunsidwe funso ndi dzina lake. Koma kutenga pulogalamu ya masiku atatu ya kuhotela nkuithira yonse mu Zoom kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pamenepo ndiye palibe amene amatolapo kanthu.

Makosi ojambulidwa kale ndi abwino zedi pa maluso a pa kompyuta, Excel, mapulogalamu owerengera ndalama, kusanthula data, kulemba mapulogalamu, kutsatsa malonda pa Facebook ndi zina zotero, chifukwa chimene mukuphunzira ndi chimene mukugwira chili pa sikirini yomweyo, mutha kuimitsa, kubwerera m'mbuyo, kuyesa nokha. Ambiri ndi aulere kapena mumalipira satifiketi yokha, ndipo Coursera ili ndi mwayi wopempha thandizo la fizi ngati simungakwanitse. Koma olipira aja amalipiridwa mu madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola nkuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700, kosi imene inkaoneka yotheka inakhala yolemera, osanenanso za kuvuta kwa kulipira ndi khadi la kubanki pamene ndalama zakunja zikusowa. Vuto lina lodziwika padziko lonse ndi loti ambiri amene amalembetsa makosi otere samaliza. Si ulesi ayi. Ndi loti palibe amene akukuyembekezera, palibe mnzako wokufunsa kuti wafika pati.

Apa ndiye ndili ndi dandaulo kwa mabwana. Kugulira anthu akaunti ya makosi nkuwauza kuti aziphunzira nthawi yawo yopuma ndi bandulo yawo si kuphunzitsa anthu. Mayi amene akuweruka 5 koloko, akwere minibasi ziwiri, akafike kunyumba aphike, aone homuweki ya ana, mukuti aphunzira nthawi yanji? Mapeto ake amene amapindula ndi anyamata osakwatira okhala pafupi ndi tauni, ndipo kusiyana pa ofesi kumangokulirakulira. Ngati mwasankha njira imeneyi perekani maola awiri kapena atatu pa sabata mkati mwa nthawi ya ntchito, pa WiFi ya ofesi, ndipo anthu aphunzire kosi imodzi m'kagulu kuti Lachisanu azikhala pansi nkuonetsana chimene ayesa pa ntchito yawo yeniyeni.

Kanjira kena kamene kakukula mwakachetechete ndi ka WhatsApp, tiuthenga tatifupi, mawu ojambula a mphindi ziwiri kapena zitatu m'Chichewa kapena Chitumbuka, kavidiyo koonetsa chinthu chimodzi basi. Kwa alangizi a kumudzi, ogulitsa m'mashopu, alonda, madalaivala ndi ma ejenti a ndalama za pa foni, kameneka kamafika kumene laputopu singafike ndipo bandulo ya WhatsApp ndi imene anthu ambiri amakwanitsa. Sikangaphunzitse munthu ntchito yonse koma pokumbutsa ndi pofalitsa kusintha kwatsopano nkabwino kwambiri. Za AI, mapulogalamu a kompyuta oyankha mafunso ngati munthu, nazo ndinenepo pang'ono, kuyambira pomwe ChatGPT inatuluka kumapeto kwa 2022 achinyamata ambiri m'maofesi akuifunsa mmene angalembere fomula kapena kalata, ndipo imathandizadi ngati mphunzitsi woleza mtima. Koma imatha kuyankha zabodza molimba mtima, makamaka pa malamulo a msonkho ndi a ntchito a kuno kwathu, nde pafunika wina wodziwa woti aziona, komanso antchito auzidwe kuti zinsinsi za makasitomala asamaziike mmenemo.

Tsopano njira imene ine ndimaikonda kwambiri, yomwenso imapeputsidwa chifukwa ilibe holo, ilibe chikwama, ilibe alawansi. Kuphunzira pa ntchito pomwepo, pambali pa munthu wodziwa. Taganizani ofesi ya akaunti kumapeto kwa mwezi. Mtsikana wangoyamba kumene ntchito, ali ndi dipuloma yake yabwinobwino, koma ndalama ya m'buku ndi ya pa sitetimenti ya kubanki sizikugwirizana ndipo wakhala akuwonkhetsa mobwerezabwereza kuyambira m'mawa. Mayi amene akhala pa ofesiyo zaka zambiri akukoka mpando nkukhala pambali pake. Sakumulanda mbewa ya kompyuta, akungomufunsa kuti, ma charge a kubanki walowetsa? Cheke chija tinalemba pa 28, mwini wake wakatapa kale? Taona ndalama iyi ya pa foni, sinalowe kawiri? Mtsikana uja akupeza yekha, ndalama imodzi yolowetsedwa kawiri ndi cheke chimodzi chimene sichinafike kubanki. Mphindi makumi atatu basi, ndipo mwezi wamawa ayambira kuyang'ana malo atatu amenewo asanafunse munthu. Muyezo wa Lolemba uja apa sukufunikanso kudikira Lolemba, chifukwa kuphunzira ndi kugwira ntchito zachitikira pamodzi.

Akatswiri a zoona za antchito amakonda kutchula 70-20-10, ganizo limene linachokera ku kafukufuku wa Center for Creative Leadership ku America m'zaka za m'ma 1980, loti 70 peresenti ya zimene mamanijala amadziwa anaziphunzira pogwira ntchito zovuta, 20 peresenti kwa anthu ena, ndipo 10 peresenti yokha m'kalasi. Manambalawo musawatenge ngati lamulo, anachokera pa zimene mamanijalawo ankakumbukira okha, koma mfundo yake aliyense amene wagwirapo ntchito angaivomereze. Ku Germany maphunziro a ntchito zamanja anamangidwa pa mfundo yomweyi, wophunzira amakhala masiku atatu kapena anayi pa sabata ku kampani, otsalawo kusukulu. Ngakhale kuno kwathu chitsanzo chilipo ku zaumoyo, komwe magulu a unduna amayendera zipatala zopereka ma ARV miyezi itatu iliyonse, kutsegula marejisitala ndi makadi a odwala limodzi ndi ogwira ntchito pamalopo, nkukonza zolakwika pomwepo. Kumeneko ndi kuphunzitsa, ngakhale sikutchedwa training.

Koma njira imeneyi nayo ili ndi mano ake, ndipo amene amaitama mopitirira muyezo amabisa zimenezi. Wophunzitsa amapatsira zabwino ndi zoipa zomwe. Ngati makaniki wamkulu pa galaja anazolowera kumanga mabawuti a injini ndi mphamvu ya dzanja osagwiritsa ntchito sipanala yoyezera, mwana wophunzirayo adzachitanso chimodzimodzi moyo wake wonse. Ngati ofesi yonse sidziwa njira yatsopano, palibe angaiphunzitse mnzake, apa ndiye pofunika munthu wochokera kunja. Kenako pali mantha. Achikulire ena amabisa nzeru poopa kuti mwana wa digiriyu akadziwa zonse iwo achotsedwa, ndipo kunena zoona mantha amenewa nthawi zina amakhala ndi maziko chifukwa zinachitikirapo anzawo. Achinyamata nawo amaopa kufunsa kuti angaoneke osadziwa, pomwe akulu anati safunsa anadya phula. Ndipo choipitsitsa ndi pamene mawu oti akuphunzira pa ntchito amangokhala chophimba, mwana wa intenishipu miyezi isanu ndi umodzi akungotumidwa kukajambulitsa mapepala ndi kukagula chips cha mabwana, tsiku lomaliza nkumulembera kalata yoti waphunzira zambiri. Zimenezi zimandipweteka chifukwa ndi nthawi ya moyo wa munthu imene yatayika.

Kuti igwire ntchito imafuna dongosolo, koma dongosolo lake ndi lotchipa. Lembani pa pepala limodzi maluso amene munthu pa udindo umenewo ayenera kukhala nawo, wophunzitsa ndi wophunzira azichonga limodzi akaona kuti wachitadi yekha. Patulani nthawi yake pa sabata yoti aliyense adziwe kuti awiriwa asasokonezedwe. Wophunzitsayo mumuzindikire, kaya ndi kandalama kapadera, kaya kuziwerengera pa nthawi yokweza anthu, ndipo mumutsimikizire kuti kuphunzitsa ena sikumuchotsetsa ntchito. Pena sinthanitsani anthu madipatimenti kwa milungu ingapo, wa ku malonda akaone mmene ku sitolo kumavutira, abwerako akulemba maoda mosiyana.

Chimene njira imeneyi singapereke ndi pepala, ndipo tisanamizane, ku Malawi kuno pepala limayankhula. Munthu atha kudziwa ntchito kuposa aliyense pa ofesi koma ikatuluka ntchito ya pamwamba yofuna digiri dzina lake silifika ndi pa intavyu pomwe. Apa ndi pomwe sukulu yeniyeni imalowera, maphunziro a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata ku MUBAS, imene inali Polytechnic mpaka 2021, Malawi College of Accountancy kwa a zowerengera ndalama, maphunziro a patali ku Mzuzu University ndi LUANAR, ndi mayunivesite ambiri omwe si aboma amene atsegulidwa zaka zimenezi. Kwa ogwira ntchito m'boma kuli Malawi School of Government, imene inabadwa pophatikiza Malawi Institute of Management ya ku Kanengo ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba. Njira imeneyi pa muyezo wa Lolemba sichita bwino kwenikweni, zimene mwaphunzira Loweruka mwina mudzazigwiritsa ntchito patapita zaka, koma imasintha kumene munthu adzafike m'zaka khumi, ndipo imapereka maziko oti amvetse chifukwa chake zinthu zimachitika choncho osati kungodziwa kachitidwe kake. Ndi yodula, ndi yotopetsa, zaka ziwiri mpaka zinayi popanda Loweruka lopuma, maukwati ndi zinkhoswe zambiri zimakupitani. Musanalipire olo tambala imodzi fufuzani ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa komanso ngati pulogalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka, chifukwa zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo pali anthu amene anazindikira mochedwa atamaliza kale.

Ngati kampani ikulipirirani, pafupifupi nthawi zonse pamakhala mgwirizano woti mukamaliza mugwire zaka zakutizakuti musanachoke, apo ayi mubweze ndalama. Ine sindiona cholakwika pamenepo, kampani nayo ikuteteza ndalama yake. Koma werengani bwino musanasayine, zaka zake zigwirizane ndi kukula kwa ndalamayo, ngongoleyo izichepa chaka chilichonse chimene mwagwira, ndipo zilembedwe momveka kuti akakuchotsani okha chifukwa chochepetsa antchito simubweza kanthu. Kwa mabwana amene amati tikawaphunzitsa athawa, yankho langa ndi loti anthu ambiri amachoka chifukwa abwerako kusukulu nkupeza desiki yomweyo, ntchito yomweyo, malipiro omwewo. Konzani pomwe munthuyo adzakhale asanamalize.

Nkhani ina imene eni mabizinesi ambiri amaiiwala ndi ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso ndi ntchito zamanja. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo olemba anthu ntchito amalipira levi ya 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, imene amatolera ndi a MRA. Ambiri amangoiona ngati msonkho wina basi, kulipira nkuiwala. Koma ndalama imeneyo ndi ya maphunziro a luso, ndipo TEVETA ili ndi mapulogalamu othandiza makampani olipira levi kuphunzitsa antchito awo, nde bwanji osapita kukafunsa zimene mungapeze? Kwa amene ntchito yawo ndi yamanja, zamagetsi, kuwotcherera, mipope, zomangamanga, kukonza galimoto, makoleji a boma ndi othandizidwa ndi boma alipo, Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikizapo makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015. Ntchito zimenezi palibe Zoom ingaphunzitse, dzanja liyenera kugwira chitsulo. Ndipo chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi dongosolo lozindikira luso limene munthu ali nalo kale, loti mmisiri amene anaphunzira pa galaja ya amalume ake atha kuyesedwa pa zimene amadziwa nkupatsidwa satifiketi osayambiranso pa ziro. Limeneli ndi limene limatseka dzenje lija la kuphunzira pa ntchito, luso lilipo kale, chimasowa ndi pepala.

Kwa ena kusankha kulibe. Owerengera ndalama pansi pa bungwe lawo la ICAM, anamwino ndi azamba pansi pa Nurses and Midwives Council, madokotala, maloya, onsewa amafunika kuonetsa kuti akupitiriza kuphunzira, a ACCA, bungwe la padziko lonse la owerengera ndalama, mwachitsanzo amafuna mayuniti 40 a maphunziro pa chaka. Langizo langa nlachidule, musadikire Disembala kuti muthamangire msonkhano uliwonse wopereka mapointi, sankhani kumayambiriro kwa chaka zimene mukuperewera nkulondola zimenezo.

Nde munthu asankhe iti? Zimatengera chimene chikusowa, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalumpha. Musanatumize munthu kulikonse funsani kaye ngati vutolo ndi la kusadziwa. Wolandira alendo amene akuyankha makasitomala mwaukali mwina akudziwa bwinobwino kalandiridwe ka anthu koma akugwira ntchito ya anthu atatu ndipo malipiro achedwa, ameneyo olo mutamutumiza ku Mangochi kawiri sasintha. Ngati ndi kusadziwadi, onani mtundu wake. Luso la pa kompyuta, kosi ya pa intaneti mkati mwa nthawi ya ntchito. Luso lamanja, koleji ya ntchito zamanja ndi mmisiri wodziwa pambali. Kachitidwe ka ntchito ka pa ofesi panu pomwepo, mnzake wodziwa ndi pepala lochonga lija. Kugwirizanitsa anthu pa chinthu chatsopano, akhale pansi malo amodzi, ndipo sikuti mpaka kunyanja, holo ya mpingo kapena ya sukulu mu tauni momwemo imakwana. Kukonzekeretsa munthu udindo wa mtsogolo, sukulu.

Ndikanakhala ndi kabizinesi ka anthu khumi ndi awiri ndi ndalama yochepa, yambiri ndikanaika pa zinthu zosaoneka zija, kandalama ka amene akuphunzitsa anzawo, intaneti yodalirika pa ofesi ndi kabatire kosungira magetsi kuti maola awiri ophunzirira a Lachitatu masana asamafe. Kenako ndikanaitana katswiri mmodzi kubwera pa malo athu pomwepo tsiku limodzi, aone makina athu ndi mabuku athu enieni, nkumupangana kuti abwerenso pakatha milungu isanu ndi umodzi kudzaona zimene tasintha, ndipo gawo lina la malipiro ake adzalandire pa ulendo wachiwiriwo. Yotsalayo ndikanathandizira fizi ya munthu mmodzi pa chaka, posankha poyera ndi mfundo zolembedwa zoti aliyense aziwerenge, kuti mlonda ndi wokonza mu ofesi nawonso adziwe kuti atha kupempha. Ndipo kwa inu amene abwana anu saika olo kobiri pa maphunziro anu, yambani ndi chimene chili chaulere sabata ino, pezani munthu mmodzi pa ntchito panu amene amadziwa chimene inu simudziwa, mumupemphe mwaulemu kuti mukhale pambali pake tsiku limene akuchita chinthucho, ndipo muzilemba m'kope zimene mwachita nokha ndi deti lake, chifukwa kope limenelo ndi limene mudzatsegule pa intavyu kapena poyesedwa ku TEVETA.